Timabelu ta Achemwali Anga

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene achemwali anga a Mariamu anabwera kwathu ku Lungwena atanyamula duwa m'chitini cha penti. Ankagwira ntchito ya m'nyumba kuphiri la Zomba, ndipo abwana awo anawapatsa mphukira imodzi popatulira maluwa. Masamba ake anali ofiirira ngati chiwindi, a mitsempha yotuwa, ndipo pa kaphesi kowonda pankalendewera timaluwa tangati timabelu. Dzina lake lachingerezi linandikanika, ndiye ndinkangoti timabelu.

"Asiyatu, duwa ili si la kuno kotentha," anatero achemwali. "Likhale pamthunzi. Uzithirira dothi likauma basi, ndipo mutu wake usaukwirire, ungawole."

Ndinaliika kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, n'kulitchingira mbuzi ndi ukonde wakutha wa ababa. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndapisa chala m'dothi ndisanathire madzi. Okutobala anafika, mchenga ukuwotcha mapazi, koma duwa langa linali lamoyo, ndipo m'mbali mwake munali mutatuluka mphukira ziwiri.

Sabata ina kusukulu kunamveka kuti kukubwera alendo ochokera ku boma. Mnzanga wina anaulula za duwalo, ndipo Lolemba a hedimasitala anandituma kukalitenga. Ndinathamanga monyadira, chitini chili pamutu, ndikuganiza kuti likakhala pa tebulo mu ofesi. Koma iwo analizula m'chitinimo n'kulamula kuti libzalidwe pabwalo, pakati pa miyala yopaka laimu, pomwe dzuwa limawomba tsiku lonse. Anaunjikira dothi mpaka m'masamba, n'kuuza kalasi lathu kuti lizithirira katatu patsiku.

"Sala, silifuna dzuwa," ndinanena motsitsa mawu.

"Ukuti chiyani iwe?"

Ana onse anandicheukira. "Palibe, sala."

Pofika Lachitatu m'mphepete mwa masamba munali mutapsa ngati pepala loyandikira moto. Ndinkalambalala pabwalopo kuti ndisaone. Alendo anabwera Lachinayi, nadutsa pa miyala ija osatembenuza ndi khosi lomwe. Lachisanu m'mawa ndinagwira tsinde kuti ndiliwongole, koma linangozuka m'manja mwanga, lopanda mizu, likununkha ngati ndiwo zogona.

Titafola pamzere, a hedimasitala analoza pamalopo nati wina achotse zinyalalazo. Zinyalala!

"Mwapha duwa langa!" ndinakuwa. "Silinali lanu! Munalikwirira ngati chinangwa!"

Chilango changa chinali kukumba dzenje la zinyalala lofika m'chiuno mwanga. Ndinakumba dzuwa lili paliwombo, matuza akuphulika m'manja, ndipo sindinalire. Khasu lililonse ndinkaligwetsa ndi mtima wonse, ndikutukwana chamumtima munthu amene sanandifunse n'komwe kuti duwalo limafuna chiyani.

Kunyumba ndinapeza ababa akusoka ukonde. Ndinawaonetsa manja anga n'kuwafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti avala chisoti chawo n'kulunjika kusukulu. Iwo anapitiriza kusoka.

"Aphunzitsiwo alakwa, ndipo ndikawauza," anatero. "Koma tandiuze. Pamene ankalibzala padzuwa unali kuti?"

"Ndinali pompo, ababa."

"Unanena chiyani?"

Ndinayang'ana pansi. "Ndinati palibe."

"Ndiye wakuwa Lachisanu, duwa litafa. Mawu amenewo ankafunika Lolemba. Chilango chikanakhala chomwechi, koma mwina ukanabwera nacho chitini chako."

Ndinawakwiyira nawonso. Ndinakana kudya, n'kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka amayi anachita kudzandikoka. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ababa ankanena zoona.

Ababa anapitadi kusukulu, koma anangouzidwa kuti duwa ndi duwa, asamalekerere ana kuchita mwano. Achemwali atabwera pa Idi anafunsa za timabelu, ndipo nditawauza anangopukusa mutu. Ntchito ya ku Zomba ija inali itatha, kotero panalibe kokatenga mphukira ina.

A hedimasitala aja sindinawakhululukire, ndisaname. Munthu wamkulu kutenga chinthu cha mwana, kuchiwononga, kenako n'kulanga mwanayo chifukwa wadandaula, mpaka lero zimandiwiritsa magazi. Koma zaka zandiphunzitsa kuti theka la mkwiyo umenewo ndi lodzikwiyira ndekha. Pabwalo lonse lija ndinali ndekha wodziwa chimene chinkachitika, ndipo ndinameza mawu poopa maso a anthu.

Tsopano ndine namwino. Ndikaona wamkulu kwa ine akulakwitsa chinthu chimene ndikuchidziwa bwino, ndimanena nthawi yomweyo, ngakhale mawu azinjenjemera. Ena amati ndine wamwano, ndipo sinditsutsa. Kuli bwino andinene wodwala akadali moyo.