Mpando Umene Sunali Wanga

Nditangolowa mu ofesi ya loya uja, ndinachita zimene munthu wamkulu aliyense wa kwathu akanachita. Ndinapereka moni ndi manja awiri, ndinakhala pampando wofewa woyang'anizana ndi tebulo, kenako ndinatembenukira mwana amene ndinabwera naye, mtsikana wa zaka khumi, n'kumuuza kuti akasewere panja, akuluakulu tikambirane. Mwanayo anapinda maondo pang'ono n'kutuluka. Ndinakonza jekete langa, lija ndimavala pamaliro ndi pa Isitala pokha, ndipo ndinatsokomola kuti ndiyambe.

Loyayo, mayi wachichepere wovala magalasi, anandiyang'ana kwa kanthawi.

"Bambo, munthu amene ndikumuimira pamlanduwu ndi amene mwamutulutsayo," anatero m'Chingerezi chofatsa. "Mpando mwakhalawo ndi wake."

Ndifotokoze mmene ndinafikira pampando wa eni. Ndimasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Centurion, kuno ku Joni, ndipo abwana akafuna kutaya mabuku akale, amayamba adutsira kwa ine asanafike kubini. Ndawerengapo za nyenyezi, za matenda a agalu, ndi buku lina la malamulo lopanda chikuto, limene ndinadzazindikira nditalimaliza kuti linali la dziko lina. Chifukwa cha zimenezi, payadi pathu ku Olievenhoutbosch anthu amanditenga ngati wophunzira, ndipo ine sindinawatsutsepo.

Makolo a mtsikanayo anali aneba anga, ine ndinali nkhoswe wawo. Ku Joni kuno nkhoswe ndi aliyense wa imvi amene ali pafupi. Banja litatha, mapoto, bedi ndi firiji tinagawa popanda phokoso. Pamwana ndi pamene zinavuta. Bambo ake ankafuna kumukweza basi ya ku Ntcheu, akakhale ndi agogo ake, akakule ndi mwambo. Mayi ake ankati mwana ndi wakuchikazi, sachoka pambali pawo. Nkhani itafika kukhoti la mabanja, khotilo linalamula kuti mwanayo akhale ndi loya wakewake. Tinaseka. Kwathu mlandu ukayamba, mwana amatumidwa kukatunga madzi.

Lamulungu lina bambo ake anabwera kwanga ndi nkhuku yootcha.

"Achimwene, inu mumadziwa mawu. Mumuphunzitse mwanayu zokanena kumeneko."

M'mawa mwake kunabwera mayi ake ndi mbale ya zitumbuwa zotentha, pempho lake lomwelo. Ine sindikonda kukhumudwitsa anthu, makamaka akabwera atanyamula mbale. Ndinavomera onse. Ndinamulowetsa mwanayo pamtima mawu ofuna kupita ku Ntcheu, odzaza ndi mwambo ndi ulemu kwa makolo. Ndinamulowetsanso mawu ofuna kutsala, okamba za chikondi cha mayi. Onse anali okoma, ndimadziyamikira mpaka lero. Nzeru zanga zinali zoti mawuwo sadzafunika n'komwe, poti wokalankhula kwa loya ndidzakhala ineyo, ndipo nkhaniyo ndidzaizimitsa mwaunkhoswe.

Ndiye taonani ndatulutsidwa, mwana walowa, chitseko chatsekedwa. Panja panali benchi imodzi. Bambo anakhala kumapeto uku, mayi kumapeto uko, ine pakati.

"Mwamukonza eti?" bamboyo anandinong'oneza.

Ndinagwedeza mutu.

"Sanaiwale zija?" mayiyo ananong'oneza kukhutu linalo.

Ndinagwedezanso mutu, pang'onopang'ono, kuti wina asaone kuti mutu wake ndi womwewo.

Chitseko chitatseguka, loya anandikodola ndekha. Milomo yake inkanjenjemera ngati munthu wofuna kuseka m'tchalitchi. Anati zimene wakambirana ndi mwanayo ndi zachinsinsi, koma mwiniwake walola kuti ndidziwe chinthu chimodzi. Anati mwanayo anaimirira, manja kumbuyo ngati kusukulu, n'kulakatula zopita ku Ntcheu osaphonya liwu. Atapuma, analakatulanso zotsala. Kenako ananena mwaulemu kuti zonsezo anamuphunzitsa ndi amalume, kutanthauza ineyo.

"Mumalemba bwino, bambo," loyayo anatero. "Koma musamuphunzitsenso."

Ndinayang'ana mwanayo. Anali pampando wofewa uja, miyendo ikulendewera, akumwa juwisi ndi kaudzu.

Tsiku la khoti ndinakhala pabenchi ya kumbuyo kwenikweni, ndisanakhale ndinafunsa kaye ngati ili ndi mwini. Loya uja anaimirira n'kunena zimene mwanayo ankafuna. Zinali zosakongoletsa, zopanda liwu langa ndi limodzi lomwe. Ankafuna kupitiriza pasukulu yake, kumene amaimba kwaya. Masiku a sukulu azigona kwa mayi ake. Loweruka likhale la bambo ake, chifukwa ndi okhawo amene amapita naye kumsika wa ku Marabastad n'kumulola kuyesa nsapato zimene sagula. Ku Ntcheu ankafunako ndithu, poti agogo akewo ankangowamva pafoni, koma apite patchuthi, ndipo aone ndi maso ake tikiti yobwerera. Chomaliza, anapempha kuti asamatumidwenso mauthenga. Wofuna kuuza mnzake kanthu azikanena yekha.

Bambo ake anaweramitsa mutu nthawi yaitali. Atafunsidwa, anangoti za kwaya sankazidziwa, ndipo basi ya ku Ntcheu idikira tchuthi. Mayi ake anafuna kuwiringula za ulendowo, koma anayang'ana mwana wawo n'kuvomera. Khoti linagamula motsatira zimenezo.

M'takisi pobwerera ndinamufunsa mwanayo chifukwa chake sanatiuze zonsezi kunyumba.

"Simunandifunse, amalume. Mumangoti ndibwerezenso, ndikweze mawu."

Ndinayamba kuwerenga zikwangwani za m'mbali mwa msewu mwachidwi chachikulu.

Pageti la yadi yathu pamakhala mayi wina wa ku Mangochi wogulitsa tomato. Chipinda chake n'chogundizana ndi changa, ndipo khoma lake ndi lamalata, kotero maphunziro athu onse aja anawamva osalipira. Mwanayo atathamangira m'nyumba kukavula nsapato, mayiyo anandiimitsa, akupukuta tomato ndi nsonga ya chitenje.

"Achimwene, tamva kuti mwanayo sakupita, tathokoza. Koma pamlandu wonsewu, amene wadya mbali zonse ziwiri ndinu nokha. Buku limene munawerengamo zimenezo mundibwerekeko."