Kaliwo wa agogo ndi fodya wa m'chitini

Dziko litapeza mtendere, banja lathu linayamba nkhondo yakeyake, ndipo inali ya fodya. Ndikulemba izi ngati mboni, komanso ngati munthu yekhayo pamtundu pathu amene anapondako ku koleji. Ndinakhalako miyezi yowerengeka, ku Malawi kumene tinathawira, kenako koleji ndi ine tinasiyana mwamtendere, popanda wina kulirira mnzake. Komabe pamudzi pathu, kufupi ndi Chiuta, ankanditchula kuti apulofesolo, makamaka akafuna kundituma.

Amayi anga ali ndi alongo awiri. Malume aang'ono anathawa nafe nkhondo itafika, tinaolokera limodzi pabwato. Malume aakulu anatsala, chifukwa bambo awo, agogo anga, miyendo inali itatupa ndipo sakanatha kuyenda. Anabisala nawo kutchire. Agogo anamwalira komweko, ndipo malume anawaika okhaokha, mofulumira, patsinde pa mtengo wa msuku. Titabwerera, mitengo ina kumeneko inali itapsa, ina itamera, ndipo anthu ankati njira zake zili ndi mabomba okwirira. Malume anapitako kangapo mpaka pamene anthu amalekezera, n'kubwerera osaupeza mtengowo. Manda a agogo sitikuwadziwa mpaka lero.

Chimene chinatsala ndi kaliwo wawo. Anali wamtengo wakuda, koyamwira kwake kuli zipsera za mano, ndipo m'kati mwake munali nkhoko zakuda zokhuthala, za fodya wa zaka zonse zimene agogo anasuta. Malume aakulu anasunganso mbewu ya fodya wa agogo m'kabotolo ka mankhwala. Ankaifesa pachulu, masamba n'kuwaumitsa pautsi, n'kuwapota ngati chingwe, ndendende mmene ankachitira mwini wake. Sankathiramo kanthu. Fodya ameneyo, ndikuchitira umboni, ankathamangitsa udzudzu, nkhuku, ndipo tsiku lina anathamangitsa mkatekisiti.

Koma tsiku limene tinafika, malume aakulu atayatsa kaliwoyo pakhonde, amayi anatula katundu, n'kukhala pansi pomwepo. Anangoti, “Abambo.” Kenako analira mpaka madzulo. Ine ndinali mwana pamene tinkathawa, nkhope ya agogo sindinkaikumbuka, koma fungolo mphuno yanga inalizindikira.

Malume aang'ono nawonso anabwera ndi chuma chawo. Ku Malawi ankalondera sitolo ya munthu wina wachuma, ndipo mawu oti sitolo anabwera nawo, moti wina akanena kuti loja ankamuwongolera. Bwanayo ankasuta fodya wa m'zitini, wothira zonunkhira, ndipo ankawagawirako. Malumewo anabwera ndi zitini zingapo ndi kaliwo wonyezimira wopindika khosi. Utsi wake unkanunkhira ngati bolasha, mabisiketi aja amene amagulitsa pa siteshoni ya Entre Lagos. Ana ankawatsatira pambuyo atatsegula pakamwa.

Masana aliwonse amuna awiriwa ankakumana pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa amayi, wina uku wina uko, mphepo ili pakati.

“Mphwanga,” ankatero aakulu, “chimenecho ukusuta kapena ukudya?”

“Achimwene, uyu ndi fodya wa anthu oti anaonako magetsi. Wanuyo ndi wotulutsira njoka m'nkhokwe.”

“Njokazo zimatulukadi. Wakoyo amaitana nyerere.”

“Munthu ukasuta uyu, ngakhale mkazi amasendera pafupi.”

“Amayesa uli ndi bolasha m'thumba. Fodya ndi fodya. Ukamuthira zotsekemera ndiye kuti ukumuchitira manyazi.”

Zikavuta ankatembenukira kwa ine. “Apulofesolo, weruzani.” Ine ndinkatsokomola pang'ono n'kunena kuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo nkhaniyi ikufunika kafukufuku. Onse awiri ankagwirizana kuti ndine wopanda ntchito. Pa zinthu zonse, chimenechi chokha ndiye ankagwirizana, ndipo ndinkanyadira kuti ndikuthandiza kumanga mtendere.

Koma pansi pa nthabwalazo panali kanthu kena. Malume aang'ono ankafunsa kawirikawiri kuti awaperekeze kumanda a bambo awo. Sanawatsanzike pothawa, chifukwa bwato silinkadikira munthu. Aakulu akamva funsolo ankangoyang'ana pansi n'kumagogoda kaliwo pachidendene.

M'mawa wina, tili pansi pa mango, aakulu anatambasulira mphwawo kaliwo wa agogo uja.

“Kumanda sindingakufikitse. Ndayesa. Tenga uyu, ukhale naye masiku angapo, ucheze nawo abambo.”

Malume aang'ono anavula chipewa, n'kulandira ndi manja awiri. Sanaseke, sananene za magetsi. Anapita naye kwawo, kumudzi kwa akazi awo, kutsidya kwa dambo.

Anabwera naye patapita masiku, atamukulunga m'kansalu, atamupukuta mpaka kuwala. Aakulu anamulandira, n'kudula kachidutswa ka fodya wawo wopota, kukatikita m'dzanja, kupakira, n'kuikapo khala la moto. Anakoka kamodzi. Anaima. Anakokanso. Kenako anamuchotsa pakamwa n'kusuzumira m'kati ngati mwagwera kachilombo.

“Waikamo chiyani?”

“Chitini chomaliza, achimwene. Chija ndinkasungira Khirisimasi.” Malume aang'ono ankamwetulira. “Ndinati abambo anapita osalawako zabwino. Alaweko nawonso.”

“Abambo ankadana ndi shuga ngakhale m'phala.”

Anakhuthula fodyayo pansi, n'kununkhiza kaliwo wopanda kanthu. Anapatsira amayi. Amayi ananunkhiza nthawi yaitali, kenako anati, “Bolasha.”

Palibe anakalipa. Ndikanakonda akanakalipa, chifukwa kukalipa tinali titakuzolowera. Apa m'pamene tonse tinaphunzira chinthu chimene osuta kaliwo m'matauni amachidziwa kalekale: fodya wonunkhira akalowa m'mtengo wa kaliwo, satulukamonso msanga. Amamanga nyumba m'menemo. Aakulu anasutamo fodya wawo kwa masiku, koma bolasha ankabwerabe pamwamba pa utsi uliwonse.

Ndiye amayi anandiitana kuseri kwa nyumba. “Iwe unapita ku koleji. Chotsa bolashayo.”

Ndiyenera kunena mwaulemu kuti pa zonse zimene ankaphunzitsa ku koleji, chimene chinandikhala m'mutu n'chimodzi, ndipo sichinali cha m'kalasi. Mphunzitsi wina wosuta kaliwo ankamutsuka ndi mchere ndi mowa waukali, ife tikuonerera pazenera. Ndinaona kuti nthawi ya maphunziro anga yakwana.

Mchere ndinakapempha kwa msodzi wina wa kunyanja, Msilamu, mnzawo wa malume aakulu, amene ankaumitsa nsomba pathandala. Ndinamufotokozera ndondomeko yonse. Nditafika pa kachasu, anakweza dzanja. “Mchere ndakupatsa, mwanangu. Zinazo sindinamve.” Kachasuyo ndinakatenga kwa mayi wina kuseri kwa msika. Nditati ndi wa kaliwo, anagwedeza mutu mwachifundo. “Dzulo wina anati ndi wa dzino. Tengani, apulofesolo, mukapereke moni kwa kaliwoyo.”

Tinachitira pakhonde, onse alipo. Ndinadzaza mchere m'kaliwo, n'kudonthezera kachasu, n'kumuimika pakati pa njerwa ziwiri. Mawa lake mcherewo unali utasanduka wofiirira ngati dothi la pachulu. Malume aakulu anawerama n'kuuyang'anitsitsa.

“Chimene chikutulukachi n'chiyani?”

“Bolasha, amalume.”

“Wadziwa bwanji kuti ndi bolasha yekha?”

Mchere susankha. Funso limeneli ku koleji mwina amaliyankha chaka chachiwiri.

Tinaumitsa kaliwoyo padzuwa. Aakulu ananunkhiza: bolasha. Ndinabwerezanso: bolasha. Pamenepo malume aakulu anatulutsa mpeni wawo okha, n'kunena kuti chinthucho chabisala m'nkhoko. Amayi anati, “Achimwene, taganizani kaye.” Koma iwo anali atayamba kale kupala. Nkhoko zija zinkagwera pa kapulana wa amayi, chitenje chawo, tizidutswa takuda, zaka zonse za agogo. Amayi anatitolera n'kutimanga pamfundo, koma atanunkhiza anapeza kachasu ndi shuga, n'kumasulanso.

Kaliwo anayera m'kati ngati watsopano. Aakulu anapakira fodya wawo, n'kuyatsa. Tonse tinkawayang'ana pakamwa. Utsi unatuluka wowawa, wosakhazikika, ngati wa fodya aliyense wa pamsika. Fungo lija limene linakhazika amayi pansi tsiku lofika linali litapita. Ndipo kumbuyo kwake, patalipatali, ngati munthu akudya m'nyumba yoyandikana, kunali bolasha.

Lipoti langa monga katswiri ndi lalifupi. Agogo anatuluka, mlendo anatsala.

Malume aakulu anazimitsa kaliwoyo ndi chala, n'kumuika pabondo la mphwawo. “Tenga. Ndi wako tsopano.”

“Achimwene, musatero.”

“Sindikukwiya. Tenga.”

Ndipo sankakwiyadi. Kuyambira tsiku limenelo ankakulunga fodya wawo m'makoko a chimanga ngati mnyamata.

Mawa lake malume aang'ono anabwera ndi chitini chija, muli fodya pafupifupi theka. Anamukhuthulira kudzala, chitini n'kupatsa amayi kuti aziikamo masingano. Kaliwo wonyezimira uja anamupachika kudenga. Kenako anapempha chingwe cha fodya wa pachulu. Maganizo awo anali akuti ngati bolasha analowa chifukwa chosuta, ndiye kuti abambo nawonso angabwerere chifukwa chosuta: fodya ndi yemweyo, mbewu ndi yomweyo, kaliwo ndi yemweyo. Anandifunsa ngati sayansi ikuvomereza. Ndinati sayansi siikuletsa. Panthawiyo sayansi inali itaphunzira kulankhula mochepa.

Ndinawaona akusuta fodya amene ankadana naye ndi mtima wonse. Ankatsokomola mpaka misozi, kulavula, kupuma, n'kukokanso. Akazi awo anawathamangitsira panja. Ana anasiya kuwatsatira. Ogulitsa a pa siteshoni, amene ankabweretsa katundu pa komboyo, sitima ya pamtunda, akawaonetsa chitini chatsopano, iwo ankatembenuza nkhope ngati munthu wosala.

Lamulungu lililonse, akachoka ku tchalitchi, ankabwera pansi pa mango n'kupereka kaliwo kwa achimwene awo. Aakulu ankanunkhiza, n'kubweza.

“Ayi.”

“Ngakhale pang'ono?”

“Ayi.”

Za njoka za m'nkhokwe ndi nyerere zinatha. Tsopano onse ankasuta fodya mmodzi, ndipo panalibe choti akanganirane. Ankakhala chete, utsi wawo n'kumasakanikirana, ine n'kumakhala pambali wopanda mlandu woweruza. Nthawi zina ndinkayesa kuyambitsa. Ndinanenapo kuti ndamva kuti kutauni kwabwera fodya wonunkhira ngati nanazi. Amayi anandituma kukamanga mbuzi.

Zinatenga zaka. Anthu anabwerera ambiri, minda inatsegulidwa, kutchire kuja anthu anayamba kulimako, ndipo mitengo ya masuku imene inatsala inapita ku makala. Nkhoko zatsopano zinamera m'kaliwo, zakuda, zokhuthala. Mano a malume aang'ono anaika zipsera zawo pamwamba pa zipsera zakale.

Komaliza kuwaona akuchita mwambowu chinali chilimwe chimene malume aakulu anayamba kudwaladwala. Anali atakhala pamphasa padzuwa, atafunda bulangete ngakhale kunkatentha. Analandira kaliwo, n'kununkhiza motalika kuposa masiku onse. Anamutembenuza, n'kununkhizanso koyamwira.

“Bolasha watha,” anatero.

Malume aang'ono anasendera pafupi. Amayi anasiya kupeta. “Ndiye abambo abwera, achimwene?” anafunsa aang'ono.

Aakulu ananunkhizanso kamodzi, mwachilungamo, ngati munthu amene sakufuna kulakwira wina aliyense.

“Ayi. Akununkha iwe.”

Anabweza kaliwoyo. Malume aang'ono anamugwira m'manja kwa kanthawi, kumuyang'ana m'kati. Kenako anatembenukira kwa ine, mwina mwachizolowezi chabe, koma sanati weruzani. Anadula kachidutswa ka fodya wa pachulu, kupakira, n'kunditambasulira dzanja kuti ndiwapatsire khala la moto. Ndinawapatsira. Anakoka, n'kutsokomola.