Moto wa Weludingi

Fungo la chitsulo chopsa limandibwezera ku Highfield, kudziko la eni kumene bambo anapita kukagwira ntchito, kuseri kwa nyumba yathu, m'nyengo yotentha mvula isanagwe. Nkhondo yomenyera ufulu inali kutchire, ife tinkangoimva pa wailesi ndi m'manong'onong'o a pampopi. Bambo ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo pa galaja ina ku Willowvale, ndipo Loweruka ankapitiriza ntchitoyo pakhomo ndi makina akale omwe ankachititsa wailesi yathu kulira ngati mafuta m'chiwaya.

Chaka chimenecho bwana wawo anawapatsa kagalimoto kampikisano ka mwana wake kuti akakonze kunyumba. Kanali kachinthu kosekesa: mafupa a mapaipi okhaokha, mpando wogunda pansi, matayala ngati mbale. Pansi pake panali ndodo ziwiri zachitsulo zomanga ndi mabawuti, zoletsa kuti kagalimotoko kasamapotoke pokhota. Tsono akuluakulu a mpikisano anali atalamula kuti m'gulu la anyamata a msinkhu umenewo ndodozo zisamachotsedwe. Wofuna kuthamanga nazo aziwotcherere mpaka kale.

Wogwirizira zitsulo anali achimwene anga a Yohane. Ine, kamtsikana kamphuno zafumbi, ntchito yanga inali kukhala patali. Bambo anali ndi lamulo limodzi losaseketsa. "Osayang'ana motowu. Umalowa m'maso ngati mchenga." Iwo eni sankayatsa asanatsitse chigoba chawo cha galasi lakuda, ngakhale kukhale kungodontheza kamodzi.

Ndodo yoyamba anaiwotcherera bambo ndi a Yohane. Sabata yotsatira a Yohane anatumidwa buledi m'mawa, osabwerako. Madzulo mnzawo wina anaima pageti n'kunena mawu amodzi kwa mayi: "Awoloka." Anyamata ambiri ankawoloka malire masiku amenewo kukalowa nkhondo, ndipo nyumba imene yadziwika kuti mwana wake wawoloka inkalandira alendo a jipi, apolisi a boma. Oulula anali pakati pathu pomwe, ena tinkapemphera nawo. Choncho tinauzidwa kuti aliyense akafunsa tiziti achimwene apita kumudzi ku Malawi kukaona agogo. Munthu wopita kumudzi saliridwa.

Mayi ankasesa pabwalo kawirikawiri posesa kale. Ine sindinkamva chilichonse, zoona, ndinkangoyenda ngati mwendo wachita dzanzi. Mbale ya achimwene ndinkaitsukabe pamodzi ndi zinzake.

Loweruka bambo anatulutsa kagalimoto kaja, poti bwana ankakafuna. Ndodo yachiwiri anaipana ndi chopanira chifukwa wogwirizira panalibe. Ndinaima pakhomo la khitchini. Ndinawaona akunyamula chigoba chija, n'kuchiyang'ana, n'kuchiika pansi pafumbi. Kenaka anayatsa. Anawotcherera ndodo yonse maso ali pamtunda, kuwala kobiriwira kukuwamenya kumaso. Msoko wake unatuluka wosalala ngati wa masiku onse.

Pofika m'mawa maso anali psuu, otupa, misozi ikungoyenderera. Mayi anawaika mbatatesi zodula pazikope, koma bambo anazichotsa n'kukakhala pakhonde, poyera, pamene aliyense wopita kutchalitchi ankadutsa.

"Bwanji maso, a Phiri?" anafunsa bambo wina woyandikana nafe, yemwe tonse tinkamukayikira.

"Moto wa weludingi, achimwene. Ndinaiwala chigoba."

"Inu, mmisiri wamkulu?"

"Ukalamba," anatero bambo, misozi ikugwera pa malaya a Sabata.

Anakhala pamenepo masiku angapo, ndipo palibe jipi inabwera. Kagalimoto kanatengedwa, akuti oyang'anira anagwedeza ndodo zija n'kukhutira kuti sizingachoke. Kaya mwana wa bwana anapambana, sitinafunse. A Yohane sanabwerere, ngakhale nkhondo itatha anyamata ena akutsika m'mabasi ku Mbare.

Nthawi imeneyo ndinkawakwiyira bambo. Ndinkati munthu wamkulu waswa lamulo lake lomwe, ndipo mwana wake wasowa koma iye akulira ndi chitsulo. Lero ndakula kuposa msinkhu umene iwo anali nawo, ndipo ndikudziwa kuti sanaiwale chigoba chija. M'Highfield monse munalibe njira ina yoti bambo alirire mwana wake masana, anthu akuona.