Akuti Linali Phiri

Chipatala chathu chaching'ono anachimanga pamwamba pa phiri. Ife okhala kumunsi, m'zigwa za Misuku, timanyamuka dzuwa likungotuluka n'kukafika mame atauma kale. Aliyense amafika thukuta lili kamukamu, akupumira m'mwamba.

Amuna anga anali mlimi wa khofi. Anayamba kudwala matipate atangobwera kumene, nthawi imene wailesi inkanena tsiku lililonse kuti tsopano munthu aliyense ali ndi ufulu wolankhula. Ankadandaula kuti m'chifuwa mwawo muli ngati mwatsekeredwa nkhunda. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma zala ndili nazo. Tikakhala pakhonde masana, ndinkaika dzanja limodzi pakhosi pawo, lina pakhosi panga. Mtima wanga ukagunda kawiri, wawo unali utagunda katatu. Kenaka unkaima pang'ono ngati waiwala, n'kuyambiranso mothamanga. Apo n'kuti munthu atangokhala, osagwira ngakhale khasu.

Ulendo woyamba tinafika msanga, pamzere palibe anthu. Adokotala, bambo wa kummwera amene anali atakhala nafe zaka zingapo, anawakulunga lamba pamkono, n'kupopa, n'kumvetsera ndi zam'makutu zawo zija. Analemba manambala mu kope la sukulu lodula pakati limene tinkayendera kuchipatala.

"Bipi yakwera, mtima ukuthamanga," anatero. "Koma ndi phirili, adada. Aliyense wochokera kumunsi amafika chonchi. Mukapume."

Anatipatsa panado. Ndinakhulupirira, chifukwa nanenso ndinali wefuwefu.

Kunyumba sizinasinthe. Mapazi anayamba kutupa mpaka nsapato zinakana. Ndiye ulendo wachiwiri ndinachita nzeru. Titafika pamwamba sindinawalole kuima pamzere. Ndinawakhazika pansi pa mtengo, ndinawapatsa madzi ndi nthochi, anthu obwera m'mbuyo mwathu n'kumatipitirira. Tinakhala mpaka thukuta linauma, mthunzi n'kusuntha. Ndinagwira pakhosi panga, mtima uli phee. Pakhosi pawo nkhunda ija ili yomweyo.

Tinalowa omalizira. Adokotala anapopanso, analembanso, kenaka anayang'ana dzina la mudzi wathu pachikuto cha kope.

"Ndi phiri lija."

"Adokotala, pepani," ndinatero, "munthuyu wapuma kuyambira m'mawa. Funsani ali panjawo."

"Phiri limeneli silituluka msanga m'thupi, amama."

"Ndiye ndipimeni ine. Ndakwera phiri lomwelo, ndi mtolo pamutu."

Anaseka. "Kodi odwala ndi ndani pano? Kapena udokotala munakaphunzira kumunda wa khofi?"

Amayi awiri amene ankadikira mankhwala pakhomo anasekanso. Ndinapempha kalata yoti tipite kuchipatala chachikulu ku Boma. Anati kalata ndi ya odwala kwambiri, osati ya anthu otopa. Amuna anga anandikoka chitenje. "Tiyeni, amake mwana, musandichititse manyazi." Anali munthu wosakonda kukangana ndi ophunzira. Ndinakhala chete, ndipo mpaka lero chete ameneyo amandiwawa kuposa kuseka kuja.

Potsika anayesa kundiseketsa. "Mwamva? Ndadwala phiri. Mukandiphikire mankhwala a phiri." Ine sindinaseke.

Panapita masabata atatu. Inali nyengo yothyola khofi. M'mawa wina anakhala pampando pabwalo, lichero pamiyendo, akusankha khofi wofiira. Ndinalowa m'nyumba kukatenga thumba. Ndikutuluka, lichero linali pansi, khofi atamwazika, iwo atapendekera kukhoma. Ndinaika zala pakhosi pawo monga ndinkachitira. Ndinasuntha zalazo, ndinasunthanso. Ndinangomva mtima wanga wokha m'zala zangazo.

Anthu pamaliro ankati ndi chifuniro cha Mulungu. Sindikangana ndi Mulungu. Koma si Mulungu amene anagwira lamba uja. Chida chinalipo, chinali chabwinobwino, chinanena zoona kawiri konse, ndipo zoonazo zinalembedwa ndi inki mu kope. Chimene chinasowa n'choti munthu amve mayi wosaphunzira akunena zimene wagwira ndi dzanja lake.

Masiku olira atatha ndinamanga duku langa lakuda, n'kutenga kope lija, n'kukwera ndekha. Sindinapume paliponse. Sindinakhale pansi pa mtengo. Ndinalowa thukuta likutsika, n'kuika mkono patebulo.

"Mwadwala chiyani, amama?"

"Ndipimeni kaye."

Anayang'ana duku, anayang'ana kope, ndipo ndinaona kuti andizindikira. Anakulunga lamba, anapopa, anamvetsera nthawi yaitali.

"Mtima ukufulumira pang'ono," anatero motsitsa mawu, "koma ukugunda bwino. Bipi ilinso bwino."

"Lembani apa, pansi pa manambala a malemu."

Analemba. Manambala sindiwadziwa tanthauzo lake, koma lalikulu ndi laling'ono ndimasiyanitsa.

"Phiri ndi lomwelija, adokotala," ndinatero. "Amuna anga anafera pampando."

Anati pepani, kenaka anati pepani kachiwiri. Ndinamasula lamba ndekha, ndinatenga kope langa. Panja panali mayi wina wa kumudzi kwathu atagwira amuna ake pamkono, akupita kukaima pamzere. Ndinamuuza kuti awakhazike kaye pansi pa mtengo, ndipo adokotala akamuuza za phiri, asatuluke m'chipindamo.