Ndege Yopanda Khomo ya a Jeremiya

Mukatsika minibasi pa Songani n'kufunsa kwa a Lackson Jeremiya, ambiri angokuyang'anani. Koma mukati "kwa a Ndege," ngakhale mayi wogulitsa tomato akulozerani: mutsate msewu wafumbi wopita ku Mishoni, mudutse minda ya chinangwa, ndipo mukaona chisakasa chachitali kuposa nyumba ya mwini wake, mwafika.

Kwawo kwenikweni ndi ku Phalombe, kuno anabwera chikamwini. Kwa zaka makumi atatu ankakhoma zidebe, mbaula ndi makeni othirira kudimba pa Songani pomwepo, mpaka mabigili a pulasitiki anawalanda msika. Anthu ena ntchito ikawathera amayamba kachasu, ena amayamba uneneri. A Jeremiya anayamba ndege.

Amene anaputa zonsezi ndi mwana wawo Kate wa ku Blantyre. Tsiku lina anapeza pa kaunjika bokosi la kandege ka pulasitiki kolumikiza wekha, kokhala ndi pepala la zithunzi losonyeza kuti ichi chilowe apa, icho apo. Anawabweretsera bambo ake mongoseka. Iwo anakalumikiza m'masiku anayi, anakatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti aka ndi kachiwala. Kandegeko anakaika pawindo, koma pepala lija analisunga m'Baibulo, chifukwa linawaonetsa chinthu chimene sankachidziwa: kuti phiko la ndege lili ndi nthiti m'kati.

Ndege imene iwo ankaifuna inali ina. M'chaka cha 1972, ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, anakwera ndege ya mainjini anayi pa Chileka kupita ku migodi ya ku Joni. Asanakwere anaimikidwa pamzere padzuwa nthawi yaitali. Anzawo ankanjenjemera, koma mnyamata wa malatayu ankangodya ndegeyo ndi maso, kuwerenga mizere ya misomali, kudabwa kuti ndani anakhoma chinthu chotere popanda kukwinya paliponse. M'kati anakhala pafupi ndi mnyamata wamtali wa ku Domasi, dzina lake Henderson. Anagwirira limodzi pansi pa nthaka, anabwerera limodzi, ndipo Henderson anamutengera mnzakeyo kumudzi kuti akaone kwawo. Mnzakeyo anaona kwawo, anaonanso Fyness, mlongo wake wa Henderson, ndipo sanachokenso.

Ntchito yopanga ndegeyo inawatengera zaka zisanu. Nthiti anapanga ndi nsungwi, thupi anakuta ndi zitini za mafuta ophikira zimene ankaziwongola ndi nyundo yamtengo mpaka zitasalala. Mapiko, kuchoka nsonga iyi kufika nsonga iyo, anali mamita atatu. Mapulopela anasema ku mtengo wa malaina, ndipo ukawauzira ankazungulira onse anayi. Matayala anadula ku patapata zakutha za m'mudzi monse. Koma chimene chinawadyera nthawi ndi misomali. Ankagula mapini a atelala, kudula mitu yake ndi pulayala, n'kuilowetsa umodziumodzi m'timabowo, mzere ndi mzere. Mawindo ndi khomo anajambula ndi penti wakuda, pogwiritsa ntchito nthenga ya nkhuku, ndipo kumbuyo kwa injini iliyonse anapakako mwaye wa koloboyi kuti zioneke kuti ndegeyi yayendapo.

"Bambo a Kate," ankatero Fyness, "denga la khitchini likudontha chaka chachiwiri, koma ndege yanuyo ngakhale dontho silinaigwere."

"Khitchini siinapiteko ku Joni," ankayankha choncho, osatukula n'komwe mutu.

Analinso ndi lamulo, ndipo pa lamuloli anali ouma mutu zedi: palibe wokhudza ndegeyo isanathe. Aphunzitsi a ku Mishoni ankabwera kudzaiona manja ali kumbuyo. Ngakhale a Henderson, amene nyumba yawo ili tsidya la dimba, sanaloledwe. Vuto linali lakuti pamene ntchitoyo inkapita patsogolo, matenda a shuga ankawadya maso a Henderson, ndipo pofika chaka chachitatu anali asakuonanso kanthu. Ankangomva nyundo ali pakhonde, n'kumafuula kuti, "Alamu, inyamuka liti? Ine tikiti ndili nayo kale!"

Chaka chatha, chimanga chitalowa m'matumba, mwana wa a Henderson, Bernadette, anaimba foni kuti kumapeto kwa Julaye abwera kudzawatenga bambo ake akakhale ku Lilongwe, kufupi ndi chipatala. Palibe amene ananena poyera, koma onse ankadziwa kuti ulendo umenewu si wobwerera kudzalima. A Jeremiya mtima unawaluma. Anthu onse amene ankayamikira ndegeyo anali asanaionepo yeniyeniyo, ndipo kuyamikira kwawo sikunkawakhutitsa. Mwa amuna onse amene anaima nawo pamzere pa Chileka, wamoyo amene ankamudziwa anali mmodzi yekha. Ankafuna mawu awiri okha kuchokera pakamwa pa mlamu wawo: "Ndi yomweyo."

Kutatsala masiku khumi ndi awiri kuti Bernadette afike, anakhoma pini yomaliza n'kuuza Fyness kuti akawatenge achimwene ake. Fyness anabwera nawo atawagwira dzanja. A Henderson anapempha madzi, anasamba m'manja ngati akupita kukadya, n'kuyamba kupapasa. Anayamba ku phiko. Zala zawo zinayenda pamzere wa misomali pang'onopang'ono, ndipo anapukusa mutu.

"Ee, alamu, manja muli nawo. Iyi si ntchito yamasewera."

Anazunguliza pulopela imodzi, anaseka. Kenaka anafika pathupi, napapasa mbali iyi, nazungulira mbali inayo, nabwereranso.

"Khomo lili pati?"

"Pomwe mwagwirapo. Ndinalijambula ndi penti."

"Nanga mawindo?"

"Pentinso. Onse alipo, ndinawawerenga bwinobwino."

A Henderson anagogoda ndi chala, ndegeyo inalira ngati chidebe chopanda madzi. 

"Alamu, ndisakunamizeni. Ndege iyi ndi yabwino, koma ine sindikuidziwa. Pamzere paja ndinali nditatsinzina, ndikupemphera. Kunjaku sindinakuone ine. Ine ndimadziwa m'kati."

A Jeremiya anapsa mtima, tisabise. Anadikira kuti mlendoyo awoloke dimba, ndiyeno anayamba kulongolola. Zaka zisanu, misomali yosawerengeka, munthu n'kungoti sindikuidziwa! Masiku awiri sanalowe m'chisakasamo. Ankangokhala pansi pa mpapaya, nkhope ili ndwii, wailesi ikulira yokha. Fyness anawaleka kuti afufume kaye. Madzulo a tsiku lachiwiri, akusenda chinangwa, anawafunsa mosakweza mawu.

"Kodi munkapangira ndani, aphunzitsi kapena achimwene?"

"Ndiye nditani? Thupi lonse ndinamata ndi mtovu. Kuti nditsegule ndiye kuti ndidule denga, ndidutse m'misomali yonse ija."

"Ine za mtovu sindizidziwa. Ndikudziwa kuti penti saoneka ndi zala, komanso kuti Bernadette akubwera."

M'mawa mwake anthu a m'mudzimo anamva phokoso lachilendo, osati la nyundo, koma la sowo yodulira zitsulo. A Jeremiya anadula denga la ndegeyo kuchokera kumbuyo kwa oyendetsa mpaka kufupi ndi mchira. Mitu ya mapini inkagwa pansi, penti ankakanganuka, malata ankapindika m'mphepete. Munthu amene moyo wake wonse ankadana ndi ntchito yokwinyika anaiona ntchito yake yabwino koposa ikukwinyika m'manja mwake momwe. Analira, ndipo Fyness anachita ngati sanaone.

Atatsegula, anapeza vuto lina. M'kati mwa ndege ija iwo sankakumbukiramo chilichonse, poti ulendo wonse maso anali pawindo, pa injini. Choncho anatenga kampando kawo, anawoloka dimba, n'kukakhala pakhonde pa mlamu wawo, pensulo ili m'manja. Mmisiri amene sanauzidwepo ndi munthu kuti khoma apa, tsopano ankauzidwa zonse. Mipando itatu mbali iyi, iwiri mbali iyo. Nsalu yake yokhakhala. Kumbuyo kwa mpando uliwonse kachitsulo kopingasa. Pamwamba kaukonde koikamo zikwama.

"Kachitsuloko mukukakumbukira bwanji, alamu?"

"Ndinakagwira kuchokera pa Chileka mpaka kutera. Mukufuna ndikaiwale?"

Nthawi yokongoletsa panalibe. Mipando anapinda ndi waya, Fyness n'kumasokerera tizidutswa ta chikwama chakale cha kanivasi. Ina inapendekeka, ina inatalika kuposa inzake, penti sanapakeko ngakhale umodzi. Mphunzitsi wina amene anadutsa sabata imeneyo anaima pakhomo la chisakasa n'kufunsa ngati mwagwera mtengo. A Jeremiya anangopitiriza kumanga kachitsulo kumbuyo kwa mpando.

Bernadette anafika Loweruka m'mawa ndi galimoto yobwereka, ndipo ankafulumira kuti akafike kusanade. Katundu atalongedza, a Henderson anati sakwera asanadzere kwa alamu awo. Galimotoyo inaima pamsewu injini ikulira, Fyness n'kuwalowetsa achimwene ake m'chisakasa.

Ulendo uno mapiko sanawakhudze n'komwe. Dzanja linapita pamwamba, linapeza pobooka paja, linalowa. Chala chinayamba kumchira, chikuyenda m'kanjira ka pakati pa mipando, milomo ikuwerenga chamumtima. Pamzere wachisanu ndi chiwiri chinaima, chinakhotera mbali ya mipando iwiri, chinakhudza kachitsulo ka kutsogolo, n'kukhala pampando.

"Ndi yomweyo," anatero a Henderson. "Bweretsani chala chanu."

A Jeremiya anapereka dzanja, ndipo mlamu wawo anawakhazika chala pampando wa pawindo. Madoda awiri a imvi anaima choncho, atawerama pa ndege yong'ambika denga. Kumsewu hutala inalira kamodzi, kenaka kawiri.

"Achimwene," anatero Fyness, "mwana akudikira."

A Henderson sanasunthe chala.

"Kamuuzeni adikire pang'ono. Sitinatere."