Liwu la Pansi pa Sakisofoni ya a Namakhwa

Ndikukumbukira kulira kwa sakisofoni ya a Namakhwa masana a Loweruka, kukuchokera ku nyumba za kampani kutsidya kwa munda wa tiyi. Sikunali kulira kokweza ayi. Kunali kwa pansi, konenepa, ngati ng'ombe ikulira kutali m'nkhungu, ndipo ndinkayamba kukumva m'chifuwa kusanafike m'makutu.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mayi anali atamwalira chaka chapitacho, bambo sindinawadziwe, ndipo ndinkakhala ndi agogo aakazi pafupi ndi Chonde. Pa maliro a mayi, aliyense wondigwira dzanja ankanena mawu amodzi: limba. Amalume anawonjezera kuti ndikalira, agogo akomoka. Ndinamanga nsagwada, ndipo sindinalire.

A Namakhwa anali kapitawo pa esiteti, koma paunyamata wawo ankaimba m'bandi ku Limbe. Tsiku lina anandipeza nditakhala kuseri kwa khitchini yawo ndikumvetsera. Sanandithamangitse. Anandifunsa kuti ndine mwana wa yani, ndipo nditatchula dzina la mayi anandikhazika pa mpando n'kundigwiritsa chipangizocho. Inali sakisofoni yaikulu, ya mtundu wotchedwa tenala, yolemera, yozizira, yonunkhira mafuta a makina osokera.

Atayamba kundiphunzitsa, mawu apamwamba ndinawagwira msanga. Vuto linali pansi. Ndikatseka mabowo onse, kachala kakang'ono n'kukanikiza batani lomaliza, m'malo mwa liwu lakuya lija pankatuluka kulira kwa bakha, kapena liwu linkalumphira m'mwamba. Iwo anayang'ana tizikopa totseka mabowo poganiza kuti mpweya ukuthawa, koma tinali bwinobwino. Anasintha kabango ka pakamwa. Palibe chinasintha.

Nyengo yozizira itayamba, anandiuza kuti akupuma pa ntchito. Nyumba aibweza ku kampani, ndipo mwana wawo adzawatenga kupita kwawo ku Mozambiki. Mano awo akutsogolo anali atayamba kugwedera, kuimba kunkawapweteka. Anati ndikatulutsa liwu la pansi lija loyera, n'kuligwira osanjenjemera, sakisofoni andisiyira. Apo ayi, apita nayo, chifukwa sangaisiye m'manja mwa munthu woitsamwitsa.

Ndinalimbikira. Ndinkauzira mwamphamvu mpaka kumva chizungulire. M'mawa wina wa chiperoni, phiri lonse litabisala, anandiimitsa.

"Mwanawe, iwe ukuuzira ngati ukukoleza moto. Kodi manja akazizira umawafunditsa bwanji?"

Ndinaika manja pakamwa n'kutulutsa mpweya wofunda, kukamwa kuli yasa. Anati ndi umenewo: mpweya wochokera m'mimba, khosi lotseguka, nsagwada zomasuka. Kenaka anandigwira chibwano ndi zala ziwiri.

"Chauma ngati mwala. Anakuuza ndani kuti ulimbe chonchi?"

Ndinayesa kumasula, ndipo kwa kamphindi liwu lija linabwera, chitsulo chonse n'kunjenjemera m'manja mwanga. Koma pamodzi nalo panakwera china kuchokera m'chifuwa, chotentha, chimene ndinachizindikira nthawi yomweyo. Ndinaluma kabango, liwu linaduka. Masiku otsatirawo zinali chimodzimodzi. Ndikangotsegula khosi misozi inkatsogola, ine n'kutseka.

Agogo anaona kuti sindikudya bwino. Anangoti ngati lipengalo likundizunza ndilisiye. Komabe Loweruka lomaliza ndinadzuka n'kupeza atandisitira malaya a kutchalitchi.

Lero ndimaimba sakisofoni ya mpingo wathu. Liwu la pansi lija ndinadzalipeza patapita zaka zambiri, agogo atamwalira, panalibenso munthu woti ndizimulimbira. Ndi pamene ndinamvetsa kuti liwu limeneli silifuna mphamvu. Limadutsa njira yomweyo imene kulira kumadutsa, ndipo munthu sangatseke njirayo n'kuyembekeza kuti liwu lokha lituluke.

Koma Loweruka limenelo sindinkadziwa zimenezi. Ndinafika lole itaima kale pakhomo, mipando ndi matumba atakweza. A Namakhwa anakhala pa khonde lopanda kanthu, nandipatsa mpata. Ndinauzira, liwu linalumpha. Ndinayesanso, linalumphanso. Mwana wawo anayang'ana dzuwa nati akachedwa akapeza chipata cha pa malire atatseka.

Mkuluyo sanandikalipire. Analandira sakisofoni, anaipukuta pang'onopang'ono, anaigoneka m'bokosi lake, ndipo mwana wawo anaikweza pakati pa matumba a chimanga. Ine ndinavula lamba wachikopa wopachikira sakisofoni amene anali akadali m'khosi mwanga, wakuda ndi thukuta lawo, kuti ndiwabwezere. Anamulandira, anamupinda, kenaka anandifumbatitsa m'manja.

"Uyu sunga. Khosi lako likukulabe."

Anakwera kutsogolo kwa lole, ndipo sanacheuke.