Matayala a pa denga la apongozi

Kwa zaka ziwiri ndinamubisira mkazi wanga chimene chinagubuduza galimoto yathu. Aliyense ankati unali msewu, ine n'kumangovomera. Msewu wa kwathu ku Neno ndi wosavuta kuunamizira, chifukwa unalakwira kale anthu ambiri.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kapikapu kakale, konyamulira kachewere kuchokera kumapiri kupita ku Lisungwi, pobwerera n'kutenga feteleza ndi anthu. Matayala akumbuyo ndinali nawo amitundu iwiri. M'chilimwe ndinkayendera akutha mano, poti pa fumbi ndi miyala galimoto imayenda ndithu. Mvula yoyamba ikangogwa ndinkamanga a mano akuluakulu, oluma matope. Dzinja likatha ndinkawamasula n'kuwasunga, kuti asaperepeseke pachabe. Pofuna kudziwa ngati tayala lidakali ndi moyo, ndinkalowetsa kamtengo ka machesi pakati pa mano. Mutu wa machesiwo ukabisika, basi, tayala lilipo. Nzeru imeneyi ndinkainyadira kwambiri, ndipo ndinkaphunzitsa ngakhale amene sanandifunse.

Chaka china, nditangomasula matayala a dzinja, mphepo inayamba kutukula malata a nyumba ya apongozi anga aakazi. Kwathu denga likayamba kugwedera timalitsindira ndi miyala, njerwa kapena matayala otheratu. Koma ine ndinali mkamwini, ndipo mkamwini amafuna ntchito yake izionekera patali. Ndinakweza matayala anga awiri abwinobwino aja padengapo. Ndinati ndachita zanzeru: denga lagwira, matayala apeza posungika, akuba sangakwere pa malata osamveka. Apongozi anandiyamikira kudzera kwa mwana wawo, ndipo sabata yonseyo ndinkayenda ngati ndamanga nyumba yatsopano.

Matayalawo anakhala pamenepo miyezi isanu ndi iwiri, dzuwa pamwamba, malata otentha pansi.

Mvula itagwa ndinawatsitsa, m'malo mwake n'kuika njerwa. Ndinapita nawo ku boma kwa mdala wina womata matayala pafupi ndi msika, kuti andimangire. Panali madalaivala anzanga atatu akudikira. Ndinatulutsa machesi n'kuyeza pamaso pawo, mutu wonse n'kubisika.

Mdalayo sanayang'ane mano. Anagoneka tayala pansi, n'kuponda m'mbali mwake ndi chidendene. Mphira unatseguka timing'alu tambirimbiri, ngati phazi la munthu woyenda wopanda nsapato.

"Kodi munawasunga pati amenewa, achimwene?"

"Pamalo abwino."

"Apsa ndi dzuwa. Mano ali bwino, eti, koma thupi lafa. Musanyamulirepo anthu."

Mnzanga wina anaseka, n'kuti machesi anga andinamiza. Mtima unandiwawa. Ndinaganizanso kuti matayala ena akanafuna ulendo wa ku Blantyre, masiku awiri osayenda, pamene anthu ankadikira feteleza. Koma ndinene chilungamo: chachikulu chinali chakuti sindinafune kuphunzitsidwa pagulu.

"Mangani, madala. Galimotoyi ndimaidziwa ndine."

Mdalayo anamanga. Pomaliza anangoti, "Ine ndanena."

Sabata yoyamba matayalawo anayenda bwino, yachiwirinso chimodzimodzi, mpaka ndinayamba kumuseka mdala uja mumtima. Sabata yachitatu, tsiku la msika, mkazi wanga anati ndimutenge ku Lisungwi akagulitse nyemba. Mpando wakutsogolo anausiyira mayi wina wodwala, iye n'kukwera kumbuyo pa matumba, mwana wathu wa miyezi isanu ndi itatu ali kumsana. Ndinamuthandiza kukwera ine ndemwe, ataponda pa limodzi la matayala aja.

Tayala lomwelo linaphulika tikutsetsereka, pamene msewu umakhota. Kumbuyo kunatembenuka, chiwongolero chinasiya kundimvera, ndipo tinakagonera cham'mbali mu ngalande. Sitinkathamanga, n'chifukwa chake lero ndikutha kulemba. Mkazi wanga pogwa anadzipotola kuti mwana asagunde pansi, n'kutera pa dzanja lamanja. Mwana analira kwambiri koma analibe bala. Dzanja la mayi ake linathyoka pawiri.

Anthu anati matope. Kutchalitchi tinapereka mathokozo kuti palibe anamwalira, ine nditaimirira kutsogolo, ndavala jekete. Zotsala za tayala lija ndinaponya m'dzenje la zinyalala n'kukwirira. Ndinagula matayala ena, ndipo a dzinja tsopano ndimasunga m'nyumba, pamthunzi. Ndisanamange ndimaponda m'mbali kuona ming'alu. Koma kwa mdala uja ndinasiya kupitako. Ndikamuona pa msika ndinkawoloka msewu, ngakhale iye sanauzepo munthu.

Dzanja lija linapola, koma zala ziwiri sizipindika. Mkazi wanga amalima ndithu, amachapa, amangochedwa. Sanadandaulepo, ndipo zimenezo n'zimene zinkandipweteka koposa. Ndikamuona akuvutika kumanga nsalu ndi dzanja limodzi, manyazi ankandigwira mpaka chakudya osalowa.

Ndinamuuza masana ena a mwezi wa Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana, ine ndikutulutsa matayala a dzinja pabwalo. Iye anali pakhonde akusenda mtedza wa mbewu, mwana akusewera pambali pake. Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse: za denga, za mdala, za mawu anga onyada aja. Sanandidule.

Nditamaliza anafunsa, "Ndiye tsiku lija, bambo a mwana, munatikweza mukudziwa?"

"Ndinkadziwa."

Anapitiriza kusenda mtedza kwa nthawi ndithu. Ndinkadikira kuti akalipe, kapena alire, kapena anyamuke kupita kwa amayi ake. Ndikanalandira chilichonse mwa izo.

"Mukanandiuza," anatero, osandiyang'ana, "ine ndikanakwerabe, chifukwa ndinu mumayendetsa. Koma mwanayu ndikanamusiya kunyumba."